Chaka Chimene Ndinaphunzitsa Mwana Mwano

Kwathu kuno kunsi kwa Michesi, bambo akhoza kugulira mwana nsapato ndi yunifolomu, koma nkhani ikakula amaitana malume. Ine ndine malume woteroyo. Udindowu sindinaupeze chifukwa cha nzeru ayi, ndinangobadwa mwamuna ndekha pakati pa akazi. Sukulu ndinalekezera Folomu 2. Zina zonse zimene ndikudziwa ndinachita kutola m'manyuzipepala okulungira usipa ndi m'mabuku akale amene amayalidwa pansi pa msika wa Migowi, pafupi ndi a kaunjika. Ntchito yanga ndi yogula nandolo ndi mpendadzuwa kwa alimi, ndipo sikelo ikakhala chete ndimawerenga. Anthu amati ndine wophunzira. Sindinawatsutsepo, poti nawonso sanandifunsepo satifiketi.

Achemwali anga aakulu, amene amuna awo anatisiya kalekale, ali ndi mwana wamkazi, ndipo ndiye anali woyamba pa mbumba yathu kuponda ku yunivesite. Za udokotala zinamulowa ali ku sekondale, chaka chimene azakhali ake anagonekedwa ku chipatala cha mishoni iye n'kupita kukakhala gadiyani. Anagona pansi pa bedi pafupifupi holide yonse, kuphika ku khitchini ya magadiyani, kuchapa, kutaya zotaya. Ena akachoka kumeneko salakalaka kumvanso fungo la chipatala. Iye anabwerako akudziwa mayina a mankhwala a wodi yonse, ndi amene anachira, ndi amene sanachire. Sanalengeze kwa munthu kuti adzakhala dokotala. Tinangoona kuti wayamba kuwerenga ngati wina akumuthamangitsa.

Mayeso a Folomu 4 anakhoza bwino, koma ku udokotala amafuna bwino wina woposa bwino wathu, choncho anamupatsa malo a sayansi. Kumeneko anamva kuti khomo lina lilipo: munthu akamaliza digiri ya sayansi akhoza kukagogodanso ku sukulu ya madokotala. Anapirira zaka zake zonse, n'kubwera nayo digiriyo kumudzi. Achemwali anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Ine ndinavala magalasi anga, ogula pa msika womwewo, n'kuyamba kuona malikisi.

Anali malikisi onga chimanga cha chaka cha mvula yodukiza. Simunganene kuti munthu sanalime, komanso simungaitane anthu kuti adzaone nkhokwe. Paliponse anadutsa, koma chodutsa cham'mbali, ngati munthu wosenza mtolo pa khomo lopapatiza, ndipo kemisitiri ya chaka chachiwiri anachita kubwereza. Mtsikanayo anagwada chapatali, monga amachitira nthawi zonse, n'kundifunsa ngati ndi malikisi amenewo angamutenge ku udokotala. Ndinatsokomola. Ndinamufotokozera za anthu otchuka a kumaiko akutali amene ankalephera m'kalasi koma anadzatulukira zinthu zazikulu. Ena mwa anthuwo ndinawawerengadi, ena ndikuganiza kuti anabadwira pomwepo pakhonde. Anathokoza, n'kudzuka. Tinasiyana tonse awiri osadziwa yankho, koma popeza ndinali nditalankhula nthawi yaitali, zinaoneka ngati nkhani yayankhidwa.

Achemwali maganizo awo anali ena. Sukulu ina ya sekondale, tsidya lina la mtsinje, inkafuna mphunzitsi wa sayansi, ndipo inali itatumiza kale mawu. Iwo ankati mwana waphunzira zokwanira, ayambe ntchito, anthu azimuona atavala bwino m'mawa, mwinanso pakati pa anthuwo padzapezeka mwamuna wamaso. Anakangana mwakachetechete masabata angapo, mmene amakanganira mayi ndi mwana wake, poika mbale pansi mwamphamvu ndi posesa pamene pasesedwa kale. Kenaka anandiitana. Pangano limene tinamanga linali lakuti ayese kamodzi kokha. Akamukana, nkhani ya udokotala itsekedwe, akagwire choko. A sukulu ija anati adikira, poti aphunzitsi a sayansi sapezeka chisawawa. Ine ndinavomereza monga mwinimbumba, ndipo ndinathirapo mawu angapo a Chingerezi kuti panganolo lilimbe.

Anatumiza pempho lake pa intaneti, n'kubwerera kumunda. Miyezi inapita. Tinali mkati mokolola nandolo pamene foni yake inalandira uthenga wakuti akumuitana ku intavyu mumzinda.

Apa m'pamene analowerera mnzanga wa bawo, mphunzitsi wa pulayimale wochokera ku Rumphi, amene anatumizidwa kuno ali mnyamata ndipo imvi zamumerera konkuno. Pa nkhani ya maintavyu analibe wofanana naye m'dera lonse. Anali atapita ku maintavyu ambirimbiri ofuna kukwezedwa pa ntchito, ndipo anali akadali pa giredi yomwe anayambira, kotero kuti panalibe funso limene anali asanalimvepo. Anandiuza, akundidya pa bawo, kuti a malikisi apamwamba amalowa ndi pepala, koma a malikisi apakati amalowa ndi pakamwa. Ndinamuitanitsa mtsikanayo kuti amuone. Anafika, anagwada kutali ndi ife, manja pamodzi, maso pansi, n'kupereka moni ndi mawu aang'ono oti ngakhale nkhuku imene inali pafupi naye sinatembenuke. Mtima wanga unadzaza. Ndinayang'ana mnzangayo kuti aone mmene timalerera ana kuno.

"Achimwene," anatero mphunzitsiyo, "mwanayu mwamulera bwino kwambiri. Akalephera."

Anafotokoza kuti kumeneko munthu sagwada, amakhala pampando ngati anagula yekha. Amayang'ana akuluakuluwo m'maso, chifukwa woyang'ana pansi amamuyesa wabodza kapena wamantha, ndipo palibe amene amafuna dokotala wamantha. Choopsa kuposa zonse, munthu amadzitama yekha, anthu akumva, osachita manyazi. Ndinamvetsera n'kuona kukula kwa ntchito. Zimene ankanenazo kwathu kuno zili ndi dzina limodzi, mwano. Amayi ake, azakhali, anankungwi ku chinamwali, aphunzitsi a Sande sukulu, ine amene, tonse tinali titagwira ntchito kuyambira ali wakhanda kuchotsa zimenezi mwa mwanayu, ndipo tinali titakhoza bwino kuposa mmene iye anakhozera kemisitiri. Ndinamufunsa mtsikanayo kuti nanga ku yunivesite ankatani zaka zonse zija. Anati ankakhala kumbuyo, ndipo kumeneko palibe ankafuna maso a munthu, ankangofuna mapepala. Tsopano tinali ndi masabata ochepa oti tibwezeremo zonse zimene tinachotsa.

Tinatsegula sukulu yathu pakhonde panga, masana dzuwa likapendeka. Tinatulutsa tebulo, n'kuika mipando itatu mbali imodzi, wina mbali inayo. Ine ndinali wapampando, nditavala jekete yanga ya maukwati ndi maliro. Mphunzitsi anakhala kumanja kwanga. Pampando wachitatu tinaika chipewa changa, chifukwa mnzangayo anati pa intavyu iliyonse pamakhala mmodzi amene salankhula, saseka, ndipo ndi ameneyo amagamula. Chitseko panalibe, ndiye mtsikanayo ankagogoda pa mtengo wa papaya.

Tsiku loyamba anagogoda, tinati lowani, iye n'kudzagwada pafupi ndi tebulo. Tinamubweza ku papaya. Ulendo wachiwiri anakhala pampando, koma kunsonga kwenikweni, ngati munthu amene wakwera kabaza ya mabuleki okayikitsa. Za maso ndiye zinavuta. Ankayang'ana batani la jekete yanga, tikamudzudzula n'kukwera pang'ono kufika pa khutu. Chipewa chokha ndi chimene ankachiyang'ana molimba mtima. Zinatenga masiku. Ndipo tsiku limene anakwanitsa, pamene maso ake anafika pa anga n'kukhazikika, ndinangopezeka kuti ine ndikuyang'ana tebulo. Ndinali ndisanayang'anidwepo choncho ndi mwana wa mbumba yanga. Ndinamva ngati ndine amene ndabwera kudzapempha malo. Mphunzitsi anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti mwina ayambe waphunzitsa wapampando.

Mafunso ndinkawatenga m'buku langa la zachipatala, buku lonenepa lopanda chikuto limene limayambira pakati pa impso n'kukathera pakati pa matenda a pakhungu. Ndakhala nalo zaka zambiri, ndipo matenda onse amene alimo ndinawadwalapo, aliwonse sabata yake, kupatula a amayi oyembekezera. Ndinamufunsa za impso mpaka iye anayamba kundikonza katchulidwe, mwaulemu ndithu. Mphunzitsi anati ndizisiye impsozo, kumeneko sakafunsa zimene akufuna kudzamuphunzitsa okha. Anatsamira kutsogolo, n'kumufunsa m'Chingerezi chake cha kumpoto chifukwa chimene angatengere iye osati wina.

Mtsikanayo anaganiza pang'ono. "Ngati alipo wina wondiposa," anatero, "ndi bwino atenge ameneyo."

Mphunzitsi anagwira mutu ndi manja onse. Ine ndinatsala pang'ono kuomba m'manja, chifukwa limenelo ndi yankho la mwana wa munthu, ndipo likananenedwa pabwalo lililonse kuno akulu akanafunsa kuti mayi ake ndani. Koma tinali pa ntchito ina. Tinamupangira mawu oti aloweze: kuti iye ndi wolimbikira, kuti sagonja, kuti anakulira kumudzi kumene chipatala chili kutali ndipo akudziwa kufunika kwa dokotala. Zonsezo zinali zoona. Koma ankazinena ngati munthu amene akuulula kuti ndi iye anaba mbuzi.

Mphunzitsi anati vuto ndi lakuti akungoyesera pakhonde pokha, ayenera kuzolowera paliponse. Tinamupatsa ntchito ya kunyumba: wamkulu aliyense amene akumane naye, amupatse moni akumuyang'ana kumaso. Mwana womvera ndi womvera basi. Tinamuuza kuti achite mwano, ndipo anauchita mokhulupirika, pa mjigo, ku chigayo, kutchalitchi. Sabata isanathe mudzi unali utagwirizana kuti yunivesite yamuwononga, ndipo ena ankati anadziwiratu. Mkulu wa mpingo wina anakadandaula kwa achemwali kuti mwana wawo anamuyang'ana ngati wapolisi wa pamsewu, mpaka iye anayamba kudzifunsa ngati njinga yake ili ndi belu.

Achemwali anabwera kwathu m'mawa, ndipo moni anapereka m'Chilomwe. Akayamba ndi Chilomwe timadziwa kuti nkhaniyo Chichewa sichiikwana. Anandifunsa ngati ndikumanga mwana kapena ndikumupasula, ndi kuti akakanidwa kumeneko adzamukwatira ndani, munthu woyang'ana apongozi m'maso. Ndinawafotokozera za malikisi apakati ndi pakamwa. Anati adzaona okha. Masana anabwera ndi lichero la nandolo wamuwisi, anayala mphasa kunsi kwa khonde, n'kumasenda akumvetsera. Mtsikanayo anagogoda pa papaya, anakhala pampando wonse, anandiyang'ana, n'kunena momveka kuti iye ndi wolimbikira ndipo sagonja. Mphunzitsi anawamasulira achemwali, monyadira.

Achemwali anasiya kusenda. "Kulimbikira umalimbikiradi," anatero. "Koma zimenezo anene ndi anthu. Ukanena wekha, anthu anenanso chiyani?"

Ine ndinayang'ana chipewa. Kenaka mphunzitsi ananena mofatsa kuti, mayi, kumeneko kulibe anthu omudziwa, akapanda kudzinenera yekha palibe amunenere. Achemwali anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti m'pamene anaona koyamba kuti akumutumiza kumalo kumene kulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti ndi mwana wa ndani. Anatola lichero lawo, n'kunena kuti pakhonde tipitirize, koma za pa mjigo ndi kutchalitchi zithe lero.

Panatsala chilonda chenicheni, kemisitiri yobwereza ija. Tonse tinkadziwa kuti akafunsa. Apa ndinaona kuti nthawi yanga yakwana, chifukwa kukonza mawu ndiyo ntchito imene ndinabadwira, kungoti palibe anandilembapo. Ndinamupangira yankho lokongola: kuti chaka chimenecho anadwala malungo aakulu, kuti anagwa koma anadzuka, kuti kugwako kunamuphunzitsa kumvetsa odwala. Ndinaikamo mawu a Chingerezi aataliatali amene ndinali nditawasunga zaka zambiri kudikira tsiku lotere. Iye anamvetsera mpaka kumapeto.

"Malume, malungo ndinadwaladi," anatero, "koma inali holide."

Ndinamuuza kuti akuluakuluwo sakaitanitsa malungowo kuti adzachitire umboni za mwezi. Analoweza, poti malume anena.

Ku intavyu ndinamuperekeza ndekha. Anavala siketi yakuda ndi jekete imene tinaisankha tonse pa kaunjika, ndipo achemwali anamukakamiza kuti pamwamba pake amange chitenje mpaka akafike, kuti fumbi la m'njira lisalowe nawo mu intavyu. Tinakwera minibasi pa Migowi m'bandakucha, titapanikizana ndi matumba a makaka, chinangwa chouma, ndi mayi wina amene anali ndi nkhuku pamiyendo. Mtsikanayo ankang'ung'udza mawu ake, ine ndinkamukonza, mayi wa nkhukuyo ankatiyang'ana ngati anthu amene akupita kukhothi.

Pamalopo tinapeza anzake ambiri atakhala kale pa mabenchi, atavala masuti, ena atabwera pa galimoto ndi makolo awo, akulankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ndinamunong'oneza kuti asaope, onsewa ndi anthu ngati ife. Nthawi yomweyo mayi wina wa mu ofesi anatuluka n'kundifunsa ngati ndikufuna thandizo, ndipo ine, mphunzitsi wamkulu wa kuyang'ana m'maso, ndinavula chipewa, n'kuwerama, n'kuyankha nsapato zake. Anandilozera mtengo woti ndikadikirepo. Mtsikanayo anaona zonse, koma analeredwa bwino, anayang'ana kumbali.

Pansi pa mtengowo ndinapeza bambo wina, wooneka kuti anapuma ntchito yabwino, amene anaperekezanso mwana wake. Anandiuza, ndisanafunse, malikisi a mwanayo, ndipo anali malikisi oti kwathu kuno tikanawapachika pakhoma la tchalitchi. Kenaka anaonjezera kuti aka sikanali koyamba, anabwerapo kale n'kubwezedwa. Atandifunsa za wanga, ndinati ali bwino ndithu, n'kuyamba kumufunsa ngati kwawo mvula inagwa bwino chaka chatha. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwerenga nyuzipepala yanga, ndinkangoyang'ana ana amene ankalowa ndi kutuluka. Aliyense ankaoneka kuti ndi woyamba pa mbumba ina yake.

Mtsikanayo anatuluka mu intavyu dzuwa litapendeka. Tinakakwera minibasi yobwerera mu Limbe. Anayamba kulankhula titadutsa mapiri a Chiradzulu. Anati analowa bwino, anakhala pampando wonse, anadzutsa mutu, n'kuyamba kufunafuna maso oti awayang'ane. Sanawapeze. Akuluakulu onse anali atawerama, akuyang'ana mapepala ake. Ankafunsa akuwerenga, iye n'kumayankha madazi ndi nsonga za magalasi. Ntchito yonse ija, papaya, mjigo, mkulu wa mpingo ndi belu lake, inali yokonzekera maso amene anali otanganidwa ndi malikisi.

Funso la chifukwa chotengera iye osati wina linabweradi, mphunzitsi sananame. Anayankha monga tinamuphunzitsira. Mmodzi wa akuluakuluwo anamwetulira osadzutsa mutu, n'kunena kuti tsiku limenelo anali ndi mwayi waukulu, chifukwa kuyambira m'mawa aliyense amene analowa anali wolimbikira ndi wosagonja. Nditamva zimenezo ndinazindikira kuti dziko lino lili ndi amalume ambiri, ndipo tonse timagula mabuku pamalo amodzi.

Ndinafunsa za kemisitiri. Anati funsolo linachokera kwa dokotala wina wamkazi amene anali asanalankhulepo, ndipo ameneyo yekha ndiye anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Mtsikanayo anatsegula pakamwa kuti ayambe za malungo, koma maso a mayiyo anali ngati a amayi ake akamafunsa amene waswa mbale, ndipo mawu anga onse aataliatali anabalalika.

"Ndiye unati chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinati sindinkaimva. Nditabwereza ndinaimva."

"Basi?"

"Anandifunsa ngati ndinaimva yonse. Ndinati ayi, pang'ono. Analemba kanthu."

Zimene analembazo sitidzazidziwa. Ulendo wonse wotsalawo ndinkasinthasintha maganizo: pa bampu ina ndinkati choonadi chamupulumutsa, pa ina ndinkati chamumiza. Mphunzitsi nditamufotokozera, anati iye ananenapo zoona pa intavyu ina ndipo ananamapo pa ina, zotsatira zake zinali zofanana.

Yankho linabwera mvula yoyamba itagwa, tili mkati modzala. Sanamutenge. Uthengawo unali waulemu, woleredwa bwino ngati iye amene: unathokoza, unati ofuna malo anali ambiri, unamufunira zabwino zonse. Mtsikanayo anauwerengera kumunda, n'kubweza foni m'chitenje, n'kumaliza mzere wake. Kwa masiku angapo sanabwere kwathu, inenso sindinapite kwawo. Ndinali wotanganidwa kwambiri ndi kukonza sikelo imene inali isanawonongeke.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, achemwali anandiitana kuti ndikatseke nkhani monga mwa pangano. Musaganize kuti anali okondwa, maso awo anali otupa kuposa a mwini wake. Koma mawu anali atanenedwa pamaso pa mboni, ndipo sukulu ya tsidya lija inali ikudikirabe. Anandipatsa mpando, iwo ndi mwana wawo anakhala pamphasa. Njira yonse ndinali nditakonza mawu a chitonthozo, okhudza ulemu wa uphunzitsi ndi kuchuluka kwa njira zotumikira anthu. Ndinatsokomola kuti ndiyambe.

"Malume, ndiyambe ndine," anatero mtsikanayo.

Pa mbumba yathu zimenezi zinali zisanachitikepo. Achemwali anandiyang'ana ndi maso ofunsa ngati ndaiona ntchito yanga. Koma iye anapitiriza, ali pamphasa pomwepo, miyendo atatambasula mwaulemu. Anati ntchito ya uphunzitsi akukayamba, sakukana. Anatinso anaimba foni ku sukulu ya madokotala ija, yekha, n'kufunsa chimene chinachepa. Atauzidwa kuti aimbe uku ndi uko, anapeza munthu amene anamuyankha mosabisa kuti malikisi ake anali kumunsi kwa a anzake ambiri, kuti intavyu imathandiza koma siisintha zimene zili pa pepala, ndi kuti alipo ena amene amabwereranso atagwirako ntchito ndi kuonjezera maphunziro, ena n'kutengedwa, ena ayi. Sanamulonjeze kanthu. Ine, m'masabata onse aja a jekete ndi impso, sizinandifikirepo m'mutu kuti munthu akhoza kungoimba n'kufunsa.

"Mwayi ndi wochepa, amayi, ndikudziwa," anatero. "Koma musatseke. Ndiphunzitse kaye, ndiwerenge, ndidzayesenso."

Achemwali anati pangano linali kamodzi, ndipo mboni ndi iyo ili pampandoyo. Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinalakalaka mvula itagwa kuti tibalalike, koma kumwamba kunali mbee. Ndikanati pangano liime, mwanayo akanamvera. Ndikumudziwa, akanamvera, n'kukhala nacho chinthucho pamtima mpaka kukalamba. Ndikanati lithe, ndikanachititsa manyazi achemwali pamaso pa mwana wawo, ndipo mawu anga pa mbumba akanapepuka kuposa mmene alili kale. Ndiye ndinachita zimene anthu owerenga timachita tikapanikizika, ndinayamba kumasulira. Ndinati pangano linkati akamukana akagwire choko, ndipo choko akukagwira. Linkatinso nkhani itsekedwe, ndipo ife akulu taitsekadi, sitidzaikambanso. Koma zimene mphunzitsi wa sekondale, munthu wamkulu wa ntchito yake, amawerenga akaweruka, malume alibe nazo mphamvu.

Achemwali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Anati anandibereka kumsana ndili wakhanda, ndipo chitsikireni kumsanako sindinayendepo njira yolunjika. Anazula timaudzu ta m'mbali mwa mphasa. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kawiri," anatero. "Kachitatu kulibe. Ndipo ulendo uno amalume ako akhale kutali."

Mtsikanayo anavomera zonse ziwiri, chachiwiricho mofulumira kuposa mmene ndikanakondera.

Pano akuphunzitsa tsidya lija. Anamupatsa kemisitiri, poti wina woiphunzitsa panalibe, ndipo akuti ana a Folomu 3 amafunsa mafunso opanda chisoni, oti munthu uyenera kukawerenga usanabwerere m'kalasi. Analembetsanso maphunziro ena a pa intaneti amene ine sindiwamvetsa, ndipo palibe amene wandipempha kuti ndiwamvetse. Nthawi yotumizanso pempho yayandikira. Ndinakumana naye pa msika sabata yatha akugula tomato, ndipo ndinamufunsa mozungulira, ngati munthu amene akufunsa za nyengo, kuti akuziona bwanji. Anati akhoza osamutenganso, koma atumiza. Ananena osadandaula, akutembenuza tomato m'manja, kenaka anafunsa wogulitsayo ngati alibe wina wolimbirapo, chifukwa kusukulu n'kutali ndipo wofewa safika.